Nyalugwe Wopuma Ntchito ndi Nsonga ya Nsangalabwi

Padangokhala tero, kale lija nyama zikadali ndi maudindo ndi mipando, ndipo amene ali nane avomere kuti tili pamodzi.

Padali Nyalugwe wina wokalamba, dzina lake a Chikoleka, amene adagwira ntchito ya mkulu wa alenje ku bwalo la Mkango kufikira mano adaguluka ndipo zikhadabo zidabuntha. Tsiku lowapumitsa ntchito padali ng'oma ndi nthungululu, ndipo bwalo lidalonjeza pamaso pa onse kuti pa uzimba uliwonse mkuluyu azilandira mwendo wam'mbuyo wa nyama yaikulu kufikira imfa yake.

Lonjezolo lidasweka koyamba pa chizimalupsa, mvula yoyamba ija, ndipo adati alenje adanyowa. Lidasweka kachiwiri pa nthawi ya inswa. Apo adati nyama zidaonda, tsono si ulemu kupatsa munthu wamkulu mwendo woonda. Lidasweka kachitatu pa masika, pamene nduna yosunga nyama, a Fisi, idati mwendo udalipo ndithu koma udasowa uli m'njira, ndipo idanena mawu amenewa ikutokosa m'mano. Kachinayi kadali m'nyengo yachisanu, pamene adangouzidwa kuti abwere mawa. Atabwera mawa lakelo, adapeza pa mpando wawo wakale pali Mmbulu, amene iwo omwe adamuphunzitsa kununkhiza mapazi a nyama, ndipo Mmbuluyo adawafunsa dzina ndi chimene adadzera.

A Chikoleka ankasunga zonsezi m'mutu mwa ndondomeko yake, ndipo ankazibwereza m'mawa uliwonse asanasukusule, kuopa kuti china chingasochere. Aliyense wowapatsa moni ankalandira nkhani yonse, kuyambira pa chizimalupsa. Posakhalitsa nyama zidapeza njira ina yopitira kumadzi.

Pakadali pano mimba inkalira. Mkulu wa alenje adayamba kudya ziwala, achule ndi nkhono, ndipo ankadya atapenya kukhoma kuti asaonedwe.

Komatu mkuluyu sadali nyama wamba. Pa unyamata wawo adatumizidwa kutali kukaphunzira ulenje kwa akatswiri, ndipo kumeneko adamva za mauta, za mivi ndi za kabenthulidwe ka miyala. Adabwerako akudziwa dzina la mbali iliyonse ya muvi, ngakhale sadaponyepo ndi umodzi womwe, pakuti masiku amenewo mano adali okwanira. Tsono njala itafika povuta adakumbukira maphunziro aja. Adapinda uta, adapota nsinga, adawongola bango pamoto, adamangirira nthenga. Chidatsala ndi nsonga yokha. Imeneyi inkafunika ya nsangalabwi, mwala woyera wolimba uja, ndipo wabwino unkapezeka pamwamba pa phiri, kumene chiuno chawo sichikadatha kuwafikitsa.

Pafupi ndi khomo la phanga lawo padali thanthwe lalitali, ndipo pamwamba pake m'mawa uliwonse pankawotha dzuwa Mbira ya m'matanthwe, dzina lake Kamphanga, wamfupi, wonenepa, wokhala ndi banja lalikulu m'ming'alu ya thanthwelo. Tsiku lina a Chikoleka adatsokomola namuitana.

"Bambo Kamphanga, ndakuitanani kuti ndikudziwitseni mwa dongosolo kuti ndidzakulasani."

"Ine, bwana?"

"Inu. Sindikukusungirani chakukhosi. Mwangokhala pafupi, ndipo ndinu wonenepa. Ndikadakhala ngati a kubwalo aja, ndikadakulonjezani moyo wautali. Ine ndikanena chinthu, ndimachita."

"Zikomo pondichenjeza," adatero Mbira akuwomba m'manja. "Nanga zidzachitika liti, kuti ndiwauze akunyumba asandiphikire?"

"Ndikangomaliza nsonga ya muvi. Nkhandwe wavomera kunditutira nsangalabwi kuphiri, ndipo malipiro ake ndi mutu wanu."

"Nkhandwe? Uja amadyera mbale imodzi ndi a Fisi? Bwana, mwala wanu udzasowa uli m'njira ngati mwendo uja. Ntchitoyo ndisiyireni ine."

"Inu mungatute mwala wodzakupherani nokha?"

"Ngati kufa kulipo, ndife ndi mwala wabwino. Wa Nkhandwe ungangondivulaza, ana n'kumandiseka."

A Chikoleka adalingalira naona kuti mawuwo adali anzeru. M'mawa mwake Mbira adafika akukunkhuniza miyala yoyera, ali wefuwefu. Mkuluyo adayang'ana miyalayo nthawi yaitali ndipo m'maso mudalengeza misozi, pakuti aka kadali koyamba m'chaka chonse kuti wina awalonjeze kanthu n'kuchita.

"Khalani apo muone," adatero, "kuti mudziwe kuti simudzafa ndi chinthu chopangidwa mwachisawawa."

Adayamba ndi kusankha. Ankatenga miyala iwiriiwiri n'kuigundanitsa pafupi ndi khutu. Mwala wamphumphu unkalira ngwee, ngati khasu latsopano. Wokhala ndi mng'alu wobisika m'kati unkangoti phu, ngati dzungu lowola, ndipo umenewo ankautaya. Atapeza wolira bwino adayala chikopa pantchafu, adatenga mwala wobulungira wa mumtsinje, nayamba kugogoda m'mphepete mwa nsangalabwi. Zibenthu zinkagwa pansi, zowala ndi zakuthwa. Mwalawo utapyapyala adasiya chogogodera natenga nyanga ya gwape, nayamba kukanikiza m'mphepete, kubenthula pang'onopang'ono, mbali iyi, kenaka kutembenuza, mbali inayo.

"Nsangalabwi ndi mwala wa mtima wapachala," adafotokoza osadzutsa mutu. "Sufuna mphamvu, umafuna ulemu. Dzanja likakwiya, mwala umamva. Aphunzitsi anga ankanena kuti pa ophunzira onse, ine ndidali wodekha koposa."

"Zikuoneka, bwana."

Dzuwa likupendeka, nsonga idali itaoneka, yooneka ngati tsamba la mtengo. Padatsala kachibenthu kamodzi kakang'ono kumutu kwenikweni. A Chikoleka adaika nyanga pamalo pake, adagwira mpweya.

"Pepani, bwana," adatero Mbira motsitsa mawu, "kodi ndi zoona zimene akunena kumadzi, zoti chikopa chanu chokhalira chija Mmbulu wachiika pakhomo kuti alendo azipukutira mapazi?"

Thyo! Nsonga idagawanika pakati.

"Chikopa changa? Cha mphalapala chija? Chimene ndidapha ndekha chaka cha dzombe?"

"Ine ndangomva, bwana. Mwina ndi china."

Tsiku limenelo ntchito siidapitirire. A Chikoleka adafotokoza nkhani yonse kuyambira pa chizimalupsa, ndipo kumapeto adawonjezapo mutu watsopano wa chikopa. Mbira adamvetsera mpaka potsiriza, akuti "ogo" ndi "kalanga ine" pamalo oyenera. Potsazika adathyola kanthambi kuti asese zibenthu zimene zidamwazika pakhomo.

"Musakhudze!" adakalipa mkuluyo. "Chibenthu chilichonse pamenepa ndi umboni. Tsiku limene a kubwalo adzabwere, adzaone ndi maso awo ntchito imene adakankhiramo munthu wa msinkhu wanga."

"Ndamva, bwana. Umboni usasesedwe."

Usiku wonse a Chikoleka adafufuza chimene chidalakwika, napeza kuti ndi mkwiyo wobwera mwadzidzidzi. Mankhwala ake, adaganiza, ndi kuutulutsa mkwiyowo pang'onopang'ono, mwa muyeso. Choncho adapeka nyimbo. Ndime iliyonse inkatchula nyengo imodzi ndi bodza limene lidanenedwa pa nyengoyo, ndipo pakutha pa ndime pankabwera kolasi yofunsa kumene mwendo uja udalowera. Inkayenda mwapang'onopang'ono ngati ya pamaliro, ndipo chogogodera chinkagwa pa mawu otsiriza a kolasiyo.

Mbira atabweretsa miyala ina adaimva nyimboyo, ndipo adagwira pakamwa.

"Bwana, mwapeka nokha imeneyi?"

"Ndekha."

"Koma nyimbo yotere kuimba wopanda wovomera ndi kuiwononga. Mundilole ndizikuvomerani."

A Chikoleka adalola, ndipo kunena zoona zidawakomera. Chaka chathunthu adakhala akudandaula kwa nyama zothawa, ndipo lero wina ankawayankha, ndi mawu okoma. Mkuluyo ankatchula nyengo, Mbira n'kufunsa za mwendo. Pa ndime ya chizimalupsa zidayenda bwino. Pa ndime ya inswa Mbira adayamba kuwomba m'manja. Pofika pa masika adali akuponda pansi ndi kugwedeza chiuno, akulowa kolasi msanga mkuluyo asanamalize mzere, kotero kuti woimbayo adayenera kufulumira kuti asatsale. Nyimbo ya pamaliro idasanduka ya paukwati. Mchira wa a Chikoleka udayamba kuvina wokha, ndipo chogogodera chidatsata ng'oma ya mapazi a Mbira. Pamene dzina la a Fisi linkatchulidwa, dzanja linkatsika ndi mtima wonse. Adaibwereza, adaibwerezanso, mpaka mawu adasasa.

Atayang'ana pantchafu, padali kamulu ka fumbi loyera ngati mchere.

"Kodi nsonga ija ili kuti?" adafunsa.

"Inalipo, bwana. Ndinaiona pa ndime ya inswa."

Umboni pakhomo udachuluka. A Chikoleka adagona ndi achule awiri m'mimba, akufufuzanso cholakwa, ndipo adachipeza: makutu. Nkhani zoipa zimalowera m'makutu, nyimbo zosokoneza zimalowera m'makutu. M'mawa adatenga phula la njuchi, adaliumba, natseka makutu onse awiri, Mbira asanafike.

Mbira adafika ndi miyala yambiri kuposa kale, yokongola, yonyezimira. Mkuluyo adatenga iwiri, adaigundanitsa pafupi ndi khutu monga mwa mwambo, koma sadamve kanthu. Adakweza dzanja kuti achotse phula. Pomwepo adaona Mbira atatong'ola maso, atayasamula pang'ono, akuloza cha kubwalo, ngati munthu amene wabwera ndi nkhani yotentha ndipo akungodikira pobowoka. A Chikoleka adatsitsa dzanja.

"Simundipezanso," adafuula, pakuti wosamva amafuula. "Ine ndidaphunzira. Mwala ndimauzindikira ndi maso."

Adasankha waukulu ndi wowala koposa. Adagwira ntchito mwakachetechete, osakwiya, osaimba, ndipo nsonga idatuluka yokongola zedi. Adaiika m'kamng'alu ka bango, adamata ndi utomoni, adamanga ndi mtsempha. Atatero adachotsa phula.

"Bambo Kamphanga, nthawi yakwana. Kwerani pamalo panu."

Mbira adakwera pathanthwe, adakhala, adatsinzina diso limodzi. A Chikoleka adaimirira monga adaphunzitsidwira, phazi lamanzere patsogolo, adakoka nsinga mpaka kukhutu, adalekerera. Koma mwala uja udali ndi mng'alu wobisika pakhosi penipeni. Nsinga itangogwedeza muvi, nsonga idaduka n'kugwa pakati pa mapazi awo, ndipo bango lokha lidauluka n'kukagunda Mbira pathako.

Mbira adagwa chagada, adakuwa, adaphiriphitha, adatsazika ana ake mmodzimmodzi. Kenaka adagona ngati wakufa. Patapita kanthawi adadzutsa mutu.

"Kodi ndafa, bwana? Ndikufunsa chifukwa sindinafepo."

"Simunafe."

"Pepani kwambiri." Adatsika ndi bango lija nalipereka ndi manja awiri, atagwada. "Ine mbali yanga ndinayesetsa."

A Chikoleka adatola chidutswacho nachiyang'ana, ndipo adaona mng'alu uja, wachikasu ndi dothi lakale. Khutu likadaumva pa kugunda koyamba. Adakhala pansi nagawa mlanduwo mwachilungamo: gawo lalikulu kwa bwalo, limene lidawasandutsa mmisiri wa miyala ku ukalamba, gawo lina kwa njuchi chifukwa cha phula lolimba mopitirira, ndipo kagawo kochepa, kosayenera kutchulidwa pagulu, kwa iwo eni.

Ulendo wachinayi sadasiye mpata. Adayesa miyala yonse makutu ali otsekula, Mbira ataimirira kutali kumene mawu safika. Atasankha wolira ngwee adatseka makutu, adafulatira thanthwe, adayamba. Panthawiyi njala idali itawafoola kwambiri, mwakuti ngakhale atakumbukira a Fisi, dzanja lidalibe mphamvu zokwiyira. Nyimbo ija ankangoing'ung'udza pakhosi, mwapang'onopang'ono monga adaipekera, ndipo kolasi yofunsa za mwendo inkatuluka ngati kubuula. Chogogodera chidagwa mofatsa. Nyanga ya gwape idakanikiza mofatsa. Kachibenthu kotsiriza kadachoka bwinobwino.

Idali nsonga yeniyeni. Yopyapyala mwakuti dzuwa linkaonekera m'kati, yofanana mbali zonse, yakuthwa mwakuti idadula ndevu imodzi ya mkuluyo pongoikhudza. Adaigogoda ndi chikhadabo, idalira. Adaimangirira ku bango, adaigwedeza, siidasunthe.

Mbira ataiona, sadanene nthabwala.

"Kwerani, Bambo Kamphanga."

Adakwera, koma mochedwa. M'ming'alu ya thanthwe mudatuluka timaso tambiri. A Chikoleka adakoka nsinga. Nsonga idaloza pamimba penipeni, ndipo mkamwa mopanda mano muja mudadzaza malovu.

"Bwana," adatero Mbira, "ndiloleni funso limodzi, si lopempha moyo ayi."

"Lifupike."

"Ine ndikapita, adzatsala ndani wodziwa nkhani ya mwendo uja? Amene amaidziwa yonse, mwa ndondomeko yake, tilipo awiri, inu ndi ine. Ine mundidya lero. Inunso, pepani, si mwana."

"Bwalo likudziwa."

"Ndicho chimene ndimafuna kukuuzani tsiku la phula lija. Kubwalo akunena kuti sadalonjezepo kanthu."

Uta udatsika pang'ono.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tsiku lija kudali ng'oma zambiri, mwina mudamva molakwa. A Fisi akuti ngati lonjezo lidalipo, wina aonetse pamene padalembedwa. Mmbulu ndiye akuti dzina lanu salikumbukira bwino, akuti kaya ndi a Chikolopa."

"Chikolopa!"

"Ine ndangomva, bwana. Lasani tsopano, dzuwa likutentha."

Koma uta udali utatsika mpaka m'mawondo. A Chikoleka adaona bwino lomwe chimene chidzachitike: adzadya lero, adzakhuta masiku angapo, adzafa tsiku lina, ndipo nkhani idzatsala m'kamwa mwa a Fisi. Nyimbo imapita ndi mphepo. Zibenthu za pakhomo sizitchula nyengo.

"Ziyenera kulembedwa," adatero.

"Zoona. Ndikusendereni khungwa?"

"Khungwa limadyedwa ndi chiswe, ndipo iwo adzati chiswe ndicho cholakwa."

"Pansi pano?"

"Mvula idzafufuta. Mukuganiza kuti ndine mwana? Pathanthwe pano, pamene ngakhale zidzukulu za a Fisi zidzawerenge."

Adayesa ndi chikhadabo, koma chidangotsetsereka osasiya mzere. Mbira adatsika msanga nayamba kufunafuna pansi.

"Nachi chibenthu, bwana, chakuthwa ndithu. Musawononge nsonga yanu. Tolani chimodzi mwa zinyalalazi."

"Choyamba, ndidanena kale kuti umboni sukhudzidwa. Chachiwiri, mkulu wa alenje salembera bwalo la mfumu ndi zinyalala, angaoneke ngati wopemphetsa. Ndilemba ndi nsonga yanga, kuti aone pa mizere yokha kuti wolembayo ndi munthu wotani. Ndi mawu ochepa chabe. Mudikire pomwepa, ndikatha tipitiriza zathu zija."

"Sindichoka, bwana. Ndizikuuzirirani fumbi."

Adayamba ndi malonje kwa mfumu ndi nduna zonse, iliyonse ndi udindo wake. Adadzitchula dzina, nalibwereza ndi zilembo zazikulu kuti pasakhale wonamizira. Adafotokoza kumene adaphunzira ndi zimene aphunzitsi ankanena za kudekha kwawo. Kenaka adalowa m'malonjezo, nyengo ndi nyengo. Nsonga inkalira kwee, kwee, ikusiya mizere yoyera yokongola, ndipo Mbira ankauzira fumbi.

"Mwaiwala zoti a Fisi ankatokosa m'mano."

"Zoona. Chimenecho n'chofunika."

"Nanga za chikopa chija?"

"Chikhala ndi mutu wakewake."

"Achule aja musawasiye, bwana. Adziwe chimene mwakhala mukudya."

"Achule ndi nkhono. Ziwala ndiziika pazokha."

Adalemba ataimirira, adalemba atagwada, adalemba atagona chammbali kuti afike m'munsi. Aka kadali koyamba kuti anene zonse popanda wowadula mawu kapena wothawa, ndipo mtima udapepuka ngati wa munthu amene wadya. Potsiriza adalemba kuti akuyembekezera yankho, osati la pakamwa, osati lodzera mwa a Fisi, koma lolembedwa. Adatseka ndi dzina lawo kachitatu, adapuma, nayang'ana muvi.

Nsonga padalibe. Padali kamwala kobulungira ngati nyemba, kosalala, kosatha kuboola ngakhale tsamba. Kadafanana ndendende ndi zitsa za mano zimene zidatsala mkamwa mwawo.

Adayang'ana kamwalako. Adayang'ana thanthwe. Adayang'ana Mbira, amene adali atabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono kufikira pakati pa bwalo la zibenthu, akupukuta fumbi pamphuno.

"Iwe!" adabangula a Chikoleka, ndipo ulemu wonse wa "Bambo" udathera pomwepo. "Kamphanga iwe!"

Masiku onsewa mkuluyo ankatuluka ndi kulowa m'kanjira kamodzi kakang'ono ka m'mbali mwa khoma, akuponda mosamala. Tsopano adaiwala kanjira, adaiwala chiuno, adaiwala msinkhu. Adalumpha monga ankalumphira chaka cha dzombe. Mbira adangosuntha pang'ono, ndipo mapazi anayi ofewa a Nyalugwe adatera pa zibenthu za nsangalabwi za masiku onse aja.

Kulira kwake kudamveka mpaka kumadzi.

Mbira, amene mapazi ake ndi olimba chifukwa chokulira pa miyala, adayenda pa zibenthuzo ngati pamphasa, nadzaima pataliko.

"Bwana, mwaponda umboni."

A Chikoleka adakwawira pachikopa chogwirira ntchito chija nagona chagada, mapazi ali m'mwamba, akuzula tizibenthu ndi milomo. Adalingalira zonse mwa dongosolo monga mwa chizolowezi chawo, ndipo nthawi ino, ngakhale adayesetsa, sadapeze gawo loti apereke kwa njuchi.

Kenaka adakumbukira chinthu china chachikulu. Madandaulo adali atalembedwa, inde, koma thanthwe silinyamulika. Bwalo liyenera kuuzidwa kuti libwere lidzawerenge. Iwo sakadatha kuyenda. Nkhandwe adali mnzake wa a Fisi. Nyama zina zonse zidasintha njira kalekale.

Adatsokomola.

"Bambo Kamphanga."

"Wawa."

"Pakufunika mthenga wopita kubwalo."

"Ndikadapita ndi mtima wonse, bwana, koma ine ndi ndiwo. Ndiwo situmidwa. Komanso ndidamva kuti kuli lamulo loti mthenga salasidwa, iye ndi banja lake, kufikira yankho litabwera. Kaya adaika ndani lamulo limenelo."

"Ndidaika ndine," adatero mkuluyo, ndipo ngakhale mapazi ankawawa, chifuwa chidatukumuka pang'ono. "Lidali lamulo labwino kwambiri. Adalitsutsa ambiri, koma ndidalimbikira."

"Ndiye ndinyamuke?"

"Nyamukani."

Kuyambira tsiku limenelo Mbira adakhala mthenga wa a Chikoleka. M'mawa uliwonse ankatsazika, ankazungulira kuseri kwa thanthwe, ndipo madzulo ankabwera maso ali otupa ngati a munthu amene wagona tsiku lonse padzuwa, n'kunena kuti a kubwalo akuti aona. Nthawi zina ankabwera ndi chule, ndipo pamene mkuluyo ankadya atapenya kukhoma, awiriwo ankaimbako nyimbo ija, imene tsopano idali ndi ndime zambiri, kolasi ili yomweyo yofunsa za mwendo.

Tsiku lina m'mawa a Chikoleka adatsimphinira kuthanthwe kuti awerengenso zolemba zawo, monga ankachitira masiku onse, ndipo adaima. Pamwamba pa mawu awo padali mizere yatsopano yoyera, yotsika kuchokera pamene banja la Mbira limakhala, yodutsa pa dzina la a Fisi ndi kukathera pa ndime ya achule.

"Bambo Kamphanga! Kodi ili ndi yankho?"

Mbira adasuzumira ali pamwamba.

"Ine kuwerenga sindidziwa, bwana."

Mkuluyo adayandikira, adapendeketsa mutu uku ndi uku, adayesa kuwerenga kuchokera kumanzere, adayesa kuchokera kumanja. Potsiriza adachita chimene akadayenera kuyamba nacho, chimene iwo omwe adaphunzitsa Mmbulu: adanunkhiza. Mphuno ya mlenje siipuma ntchito. Adadziwa bwino lomwe kuti mizereyo yachokera mbali iti ya banja la Mbira.

Adagwedeza mutu.

"Silikusiyana kwenikweni ndi mayankho amene ndidalandira kale," adatero. "Kungoti ili lafika msanga."

Ndiye chifukwa chake mpaka lero, pathanthwe pamene pakhala mbira simulephera kuona mizere yoyera, ndipo Nyalugwe amaponda pansi mosamala ngati wokayikira dothi, n'kumatsokomola m'tchire ngati munthu amene akufuna kuyamba nkhani yaitali. Amene adaika mbatata paphulusa aifukule, nthano yapsa. Koma mlandu wokha sudathe, pakuti m'mawa womwewo a Chikoleka adawongola msana, adakweza phazi lomangidwa ndi luzi, naitana mthenga wawo.

"Bambo Kamphanga, mupitenso. Mukawauze kuti zimene zafikazi ndaziona ndipo sindikuzilandira, chifukwa palibe dzina la wolemba, ndiponso sizikukhudza nkhani ya chikopa. Mukanene momveka, pamaso pa mfumu ndi nduna zonse, kuti ine Chikoleka, osati Chikolopa, ndikudikirabe pano, ndipo ndikufuna yankho lolembedwa."